Nyimbo za m'chigwa cha Shire zili ndi msika, bola gitala isameze ulimba

NGABU, Chikwawa – Munthu woyenda pamsika wa Ngabu chakumadzulo, dzuwa litapepa, amamva nyimbo kuchokera mbali zonse: m'magolosale, m'malo ometera, m'nyumba zoonetsera mavidiyo ngakhalenso m'timawailesi tomwe anyamata a kabaza amamangirira panjinga zawo. Zambiri mwa nyimbozi ndi za ku South Africa ndi ku Nigeria, kapena za achinyamata a ku Blantyre ndi Lilongwe omwe akutsata zamba zomwezo. Ulimba, womwe ena amautcha valimba, sumveka kawirikawiri pamalo otere. Umadikira maliro, ukwati kapena tsiku lomwe kukubwera alendo olemekezeka.

Izi zili chomwechi, oimba a dziko lino omwe agwiritsitsa maimbidwe akumudzi ndiwo akuitanidwa kwambiri kumaiko akunja. Gulu la Madalitso Band, la a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni, lidayambira m'misewu ya mumzinda wa Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi, ng'oma yoomba ndi chidendene komanso babatoni wopanga okha. Mu 2017 awiriwa adakaimba kuchikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo adafika ku Roskilde m'dziko la Denmark, ku WOMAD, kufikira ku Glastonbury ku England mu 2025. Zimbale zawo zimatuluka kudzera kukampani yaing'ono ya Bongo Joe ya mumzinda wa Geneva.

Anthu omwe amagula zimbale zotere ku Ulaya ndi ku America, ena mwa iwo ndi okonda chamba cha indie rock. Izi ndi nyimbo za magitala amagetsi ndi ng'oma zomwe magulu ang'onoang'ono amajambula paokha, osadalira makampani akuluakulu, ndipo okonda chambachi amanyadira kumva chinthu chomwe sadachimvepo. Ubale wa chambachi ndi Malawi si wachilendo. Mu 2009 gulu la The Very Best, lomwe woimba wake ndi a Esau Mwamwaya, lidatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa, momwe mudaimbanso Ezra Koenig wa gulu la Vampire Weekend la ku New York. Mu 2016 gulu lomweli lidajambula limodzi ndi Mumford & Sons a ku Britain komanso Baaba Maal wa ku Senegal. M'nyimbo zambiri mwa izi a Mwamwaya ankaimba m'Chichewa.

Funso lomwe okonda nyimbo a kuno akuyenera kudzifunsa ndi lakuti: nanga chigwa cha Shire chili pati? Malinga ndi kalembera wa 2018, boma la Chikwawa linali ndi anthu oposa 560,000 ndipo la Nsanje pafupifupi 300,000. Ochuluka mwa iwo ndi achinyamata. Koma mayina omwe akumveka m'zikondwerero zakunja ndi a ku Lilongwe, a ku Nkhata Bay monga a Gasper Nali, kapena a ku Balaka monga Malawi Mouse Boys. Chigwa chomwe akatswiri a zoimbaimba akhala akuchiyamikira kwa zaka zambiri chili duu.

Kusowa chuma cha maimbidwe sikungakhale chifukwa. Ulimba wa Asena ndi chida chachikulu, cha timatabwa pafupifupi 20 kapena kuposerapo, toyalidwa kuyambira kakang'ono kolira mokweza mpaka kakakulu kolira mwabesi. Pansi pa kathabwa kalikonse amamangirirapo chipanda chokula molingana ndi liwu lake, ndipo pachipandapo amaboola kabowo nkumatapo kachikopa kopyapyala komwe kale ankakatenga ku kangaude, koma masiku ano ambiri amangoikapo kapepala ka pulasitiki. Kachikopa kameneka ndiko kamachititsa kuti ulimba uzilira monjenjemera, mwa nthetemya, moti usiku umamveka kutali. Chida chimodzichi amaimba anthu awiri kapena atatu nthawi imodzi, aliyense ndi chigawo chake, pamene wina akuomba kang'oma kotchedwa gaka ndipo ena akugwedeza nkhocho.

Palinso bangwe, thabwa lokungidwa waya lomwe mwini wake amalilowetsa m'chitini kapena m'chipanda kuti limveke, nkumaimba yekha za umphawi, za ukwati wovuta ndi za anansi amiseche. Pali magule a utse ndi likhuba, komwe ng'oma zingapo zochunidwa mosiyanasiyana zimayankhana ngati anthu akukambirana. Kutsidya kwa malire, pakati pa Anyungwe a ku Tete, kuli gule wa nyanga, yemwe wovina aliyense amakhala ndi zitoliro zake zochepa ndipo nyimbo imatuluka pokhapokha onse alukana mpweya ndi mawu. Malire a Malawi ndi Mozambique sadaletsepo maimbidwe amenewa kuwoloka. Asena ambiri a kuno makolo awo adachokera kumtsinje wa Zambezi, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, maboma a Nsanje ndi Chikwawa adasunga othawa nkhondo miyandamiyanda omwe adabwera ndi nyimbo zawo.

Kuphatikiza zamakolo ndi gitala nakonso si nkhani yatsopano m'chigwachi. Gulu la Lucky Stars la ku Nsanje, motsogozedwa ndi a Boniface Ndamera, lidafikitsa Chisena m'nyumba za Amalawi a zigawo zonse kudzera pawailesi ya MBC ndi nyimbo ya Chinafuna M'bale. Malemu a Joseph Tembo, omwe adatchuka ndi nyimbo ya Dimingu ndipo adakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo m'boma la Chikwawa kuyambira 2009 mpaka 2014, adaonetsa kuti nyimbo ya Chisena ikhoza kujambulidwa mwaukatswiri nkugulidwa m'mizinda. Iwo adamwalira mu December 2019. A Lloyd Phaundi, odziwika kuti Agorosso, akhala akutsamira pa chikhalidwe cha Asena m'nyimbo zawo za gitala, ndipo adaimba nawo mufilimu ya a Shemu Joyah ya The Last Fishing Boat, yomwe mu 2013 idapata mphoto ya nyimbo zabwino pa mpikisano wa mafilimu a mu Africa.

Akamunawa adatsegula njira, ndipo palibe angawalande ulemu umenewo. Koma chomwe gitala yawo idanyamula kwenikweni ndi chiyankhulo, kamvekedwe ka ng'oma ndi nkhani za kumudzi. Pali chinthu china chomwe chimatsalira nthawi zonse nyimbo ya m'chigwa ikakwera zitunda za Chikwawa kupita kusitudiyo za ku Blantyre, ndipo chinthucho ndi kachunidwe.

Nkhani imeneyi idafufuzidwa kalekale. A Wim van Zanten, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Netherlands yemwe ankaphunzitsa ku Yunivesite ya Malawi, adayendera oimba a Chisena a m'chigwachi cha m'ma 1970 ndi 1971, kujambula nyimbo zawo ndi kuyeza liwu la nsambo iliyonse ndi kathabwa kalikonse. Zotsatira zake adazisindikiza mu 1980 m'magazini ya akatswiri ya African Music. Iwo adapeza kuti Asena amachuna zida zawo motsata makwerero asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana. A Andrew Tracey a ku South Africa nawonso adalemba mu 1991 za luso la gulu la ulimba la a Kambazithe Makolekole.

Kwa munthu yemwe adaimbapo kwaya, nkhaniyi ndi yosavuta kuimvetsa. Akatswiri amagawa mtunda wochokera pa "do" wam'munsi kufika pa "do" wam'mwamba m'timagawo 1,200. Pa kiyibodi ndi pa gitala, makwerero a do-re-mi si ofanana: asanu ndi a timagawo 200, pomwe awiri, kuchoka pa "mi" kupita pa "fa" ndi kuchoka pa "ti" kupita pa "do", ndi a timagawo 100. Pa ulimba makwerero onse asanu ndi awiri ndi a timagawo pafupifupi 171.

Kusiyanaku kukuoneka kochepa papepala, koma khutu limakumva. Liwu lachitatu la ulimba limagwera pa 343 pomwe "mi" wa kiyibodi ali pa 400. Lachisanu ndi chimodzi lili pa 857 pomwe "la" ali pa 900. Lachisanu ndi chiwiri lili pa 1,029 pomwe "ti" ali pa 1,100. Mawu amenewa pa kiyibodi palibe. Amagwera mumpata wa pakati pa batani loyera ndi lakuda. Ndi mawu omwewa amene amachititsa kuti munthu wobadwira ku Ngabu, ku Tengani kapena ku Makhanga, akamva ulimba ali kutali ndi kwawo, mtima uziti myuu asadamve nkomwe mawu a nyimboyo.

Tsono taganizirani mnyamata wa pa Ngabu yemwe waphunzira kujambula nyimbo pakompyuta, ndipo mwa chikondi chenicheni cha chikhalidwe chake waitana agogo ake kuti aike ulimba m'nyimbo yake. Iye wayamba kale ndi kiyibodi ndi besi. Ulimba ukangolowa, khutu lake lomwe lakulira pa nyimbo za pawailesi ndi za kutchalitchi limuuza kuti chida cha agogo sichidachunidwe bwino. Kompyuta nayo imuuza zomwezo, popeza mapulogalamu ojambulira nyimbo amabwera atakonzedwa kale motsata do-re-mi, ndipo ali ndi batani lowongolera liwu lililonse lomwe likuoneka ngati lasochera. Zotsatira zake zimakhala ziwiri: kapena ulimba uwongoledwa ndi makina mpaka kumveka ngati kiyibodi, kapena mmisiri apemphedwa kuti aseme timatabwa take kuti tigwirizane ndi gitala. Njira zonse ziwirizi zimasiya dzina la ulimba pachikuto cha chimbale, mwini wake atachotsedwamo.

Zoterezi zidachitikapo kwina. Marimba omwe ana amaimba m'sukulu zambiri za kum'mwera kwa Africa adakonzedwa m'zaka za m'ma 1960 kusukulu ya zoimbaimba ya Kwanongoma mumzinda wa Bulawayo, ndipo adawachuna motsata do-re-mi kuti azitha kuimba nyimbo za mitundu yonse. Marimbawa ndi okoma ndipo athandiza ana ambiri kukonda zoimbaimba. Vuto limabwera pamene mwana wa ku Chikwawa ayamba kuganiza kuti marimba a kusukulu ndiwo olondola, ndipo ulimba wa kumudzi kwawo ndi wolakwika.

Chodabwitsa nchakuti mwa zida zonse zamakono, gitala yamagetsi yoimbidwa mwa rock ndiyo ingagwirizane ndi ulimba mosavuta kuposa kiyibodi yomwe yadzaza m'masitudiyo a dziko lino. Zifukwa zake zili m'manambala omwe aja. Liwu lachinayi la ulimba lili pa 514 pomwe "fa" ali pa 500, ndipo lachisanu lili pa 686 pomwe "so" ali pa 700. Apa kusiyana nkochepa kwambiri, timagawo 14 tokha. Oimba rock amakonda kukhwatcha mawu awiri okha, "do" ndi "so", osaikapo "mi" yemwe ndiye amayambana ndi ulimba. Gitala yoimbidwa motere imasiya mpata woti ulimba udzaze ndi mawu akeake.

Kuonjezera apo, woimba gitala amatha kukankha nsambo ndi chala kuti liwu likwere pang'ono nkugwera pakati pa mizere, zomwe woimba kiyibodi wamba sachita. Amathanso kumasula kapena kukunga nsambo iliyonse payokha kuti ifanane ndi timatabwa ta ulimba, monga momwe woimba bangwe amachitira. Magulu a indie rock adazolowera kale zimenezi: Sonic Youth ya ku New York idatchuka chifukwa chochuna magitala ake m'njira zachilendo, ndipo mu 2017 gulu la King Gizzard & the Lizard Wizard la ku Australia lidatulutsa chimbale chonse ndi magitala owonjezeredwa mizere kuti atulutse mawu apakatikati. Ngakhale phokoso lokanda lomwe oimba rock amalifuna pokweza zokuzira mawu ndi mbale wake wa kunjenjemera kwa chipanda cha ulimba ndi kwa zitsekerero za mabotolo za pa bangwe. Chomwe mnyamata wa ku London amagulira makina kuti achipeze, mmisiri wa ku Nsanje adachipeza kalekale ndi kangaude.

Chitsanzo choyenera kuchilingalira ndi cha Konono Nº1 ya ku Kinshasa. Mingiedi Mawangu, yemwe adayambitsa gululi m'zaka za m'ma 1960, ankafuna kuti likembe, mbale wake wa kalimba, lizimveka pakati pa phokoso la mumzinda. Adapanga zokuzira mawu ndi maginito a m'galimoto zakutha, ndipo zidazo zidayamba kulira mokanda. Iye sadasinthe nyimbo za makolo ake a Chizombo kuti zifanane ndi za pawailesi. Chimbale chawo cha Congotronics chitatuluka mu 2004, oimba rock a ku Ulaya ndi ku America ndiwo adayamba kuwatsata, ndipo mu 2007 Björk wa ku Iceland adawaitana kuti aimbe m'chimbale chake. Msika udapita komwe kunali Konono.

Ku Zimbabwe zidayenda mosiyanako. M'zaka za m'ma 1970 Thomas Mapfumo ndi woimba gitala wake Jonah Sithole adasamutsa kalukidwe ka mbira nkukaika pa gitala yamagetsi, ndipo chamba cha chimurenga chidabadwa. Ntchitoyi idabwezera ulemu kwa mbira pakati pa achinyamata a m'mizinda pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu. Koma pambuyo pake magulu ambiri omwe adaika mbira yeniyeni pambali pa magitala adayamba kuichuna motsata magitalawo. Phindu lidalipo lalikulu, koma mtengo wake udalipiridwa ndi kachunidwe ka makolo.

Kachunidwe sikokha komwe kali pachiswe. Oimba ulimba amalukana: pamene dzanja la mmodzi lakwera, la mnzake likutsika, ndipo nyimbo yomwe womvera amaimva palibe mmodzi mwa iwo yemwe akuiimba yekha. Kugunda kwake kumalola munthu kuwerenga patatupatatu kapena panayipanayi nthawi imodzi, nchifukwa chake ovina awiri akhoza kuponda mosiyana onse ali m'nyimbo. Ng'oma za pakompyuta, zikasiyidwa momwe zidabwerera, zimagunda panayi basi, ngati asilikali pa perete. Gulu la anthu anayi kapena asanu oimba pamodzi m'chipinda chimodzi, momwe magulu a rock amachitira, lili pafupi ndi bwalo la ulimba kusiyana ndi mnyamata mmodzi wokhala yekha ndi kompyuta.

Pa nkhani ya chiyankhulo, achinyamata ena amaopa kuti Chisena ndi Chimang'anja ziwatsekera msika. Mbiri ya gulu la Runrig la ku Scotland, dziko lomwe lili paubale wakale ndi Malawi, ikutsutsa mantha amenewa. Gululi lidayamba mu 1973 pachilumba cha Skye, chomwe chili ndi anthu pafupifupi 10,000, ndipo linkaimbira magule a m'midzi. Chimbale chake choyamba cha 1978 chinali chonse m'chiyankhulo cha Gaelic, chomwe olankhula ake ndi ochepa zedi poyerekeza ndi olankhula Chisena m'Malawi ndi ku Mozambique. Anyamatawa adaphatikiza nyimbo za makolo awo ndi magitala a rock, ndipo pomwe ankatsanzika mu 2018 mumzinda wa Stirling kudasonkhana anthu zikwizikwi. Chigwa cha Shire si chilumba, ngakhale anthu a ku Makhanga, omwe madzi adawazungulira kuchokera pa kusefukira kwa 2015, akhoza kutsutsapo. Koma kutalikirana kwake ndi mizinda kwasunga zinthu zomwe kwina zidatha.

Zopinga zilipo, ndipo zina ndi zazikulu kuposa luso la woimba. Ulimba umafuna mitengo yolimba monga mlombwa, yomwe ikusowa chifukwa cha makala ndi matabwa. Umafuna zipanda za misinkhu yosiyanasiyana, zomwe zimafunika munthu wozilima ndi kuzisunga. Koposa zonse umafuna mmisiri yemwe kachunidwe kali m'khutu mwake, popeza sikalembedwa paliponse pomwe mwana wa kumudzi angakawerenge. Mmisiri wotere akamwalira wopanda womutsatira, makwerero asanu ndi awiri aja amapita naye kumanda.

Ngozi zogwa mwadzidzidzi zawonjezera vutoli. Chigwachi chidakhudzidwa kwambiri ndi madzi osefukira mu January 2015, namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023. Banja likamathawa madzi usiku limanyamula ana, ufa ndi mbuzi ngati zingatheke. Chida chotalika ngati bedi, cha zipanda zosachedwa kusweka, sichikwera bwato. Ndipo anthu akasamutsidwira kumalo okwera, mudzi womwe unkasonkhana pabwalo limodzi umamwazikana. Malipoti a zowonongeka amawerenga nyumba, milatho ndi mahekitala a mbewu, ndipo nzomveka kutero. Zida zoimbira sizilowa m'kaundula.

Kumbali ya zida zamakono nako si kwabwino. Gitala yamagetsi, zokuzira mawu ndi ng'oma zachizungu zimagulidwa kunja, ndipo mitengo yake idakwera kwambiri ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu mu 2022 ndi 2023. Magetsi ndi osadalirika, monga zidaonekera namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, omwe ali m'boma lomwe lino la Chikwawa. Masitudiyo odziwika ali ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa Ngabu, ndipo sukulu ya zoimbaimba ya Music Crossroads ili ku Lilongwe. Mnyamata wolima thonje kapena wodula nzimbe ku Nchalo sangalipire ulendo wa anthu asanu ndi ulimba wawo. Nchifukwa chake kompyuta imodzi, yomwe imalowa m'malo mwa gulu lonse, ikupambana.

Nkhani ina yomwe imakambidwa mochedwa, ndalama zitayamba kale kulowa, ndi ya umwini. Malamulo a dziko lino okhudza umwini wa ntchito zaluso, kuyambira la 1989 kufikira la 2016 lomwe lidalowa m'malo mwake, amati nyimbo, nthano ndi magule a makolo zili m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kupanga nazo malonda ayenera kupeza chilolezo. Bungwe la Cosoma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndi kugawa ndalama kwa oimba omwe adalembetsa ntchito zawo. Apa mpomwe pagona nkhani. Wachinyamata wa mumzinda amadziwa kulembetsa. Nkhalamba yoimba bangwe ku Ndamera, yomwe nyimbo yake idapeka yokha osati kuilandira kwa makolo, kawirikawiri sidziwa. Nyimbo yotere ikatengedwa nkutchedwa "yachikhalidwe", mwini wake amasanduka wopanda dzina. Gulu lililonse lofuna kuphatikiza zamba liyenera kulemba dzina la mmisiri pachimbale ndi kugwirizana naye za gawo lake nyimbo isadatuluke.

Si nyimbo iliyonse yomwe ili yoyenera kupita kumalo achisangalalo. Za kukachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, za kuchinamwali ndi zina za pamaliro zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Mafumu a m'chigwachi, kuyambira kwa Paramount Chief Lundu, komanso bungwe la Mgumano wa Asena na Amang'anja, ndiwo angathandize kulekanitsa zomwe achinyamata angatenge momasuka ndi zomwe ayenera kuzisiya pomwe zili. Kufunsa koyamba nkotchipa kusiyana ndi kupepesa nyimbo ili kale pa YouTube.

Pali ena omwe amati kuphatikiza kulikonse nkuononga, ndipo ulimba usiyidwe momwe makolo adausiyira. Maganizowa ali ndi ulemu wake, koma amaiwala kuti makolowo sadali oima malo amodzi. Waya wa pa bangwe, chitini cha mafuta ndi zitsekerero za mabotolo sizidachokere kwa Mbona. Ndi zinthu za m'sitolo zomwe amisiri adaziona kuti zikuthandiza. Adalandira zida zatsopano koma adasunga khutu lawo. Palinso chenjezo lochokera mbali ina: msika wakunja nthawi zina umakonda woimba wa ku Africa akamaoneka wosauka, ndi chida chopanga ndi zinyalala, ndipo umataya chidwi akagula gitala yabwino. Achinyamata a m'chigwachi sakuyenera kuvala umphawi ngati yunifolomu kuti akwere ndege.

Kumbali ya boma, maziko alipo. Ndondomeko ya dziko lino ya zachikhalidwe idavomerezedwa mu 2015, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe loyang'anira zaluso ndi chikhalidwe. Pa mndandanda wa bungwe la UNESCO wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa pali kale Vimbuza ndi Gule Wamkulu kuyambira 2008, Tchopa mu 2014, Mwinoghe mu 2018, komanso luso lopanga ndi kuimba sansi kapena mbira, lomwe Malawi idalembetsa limodzi ndi Zimbabwe mu 2020. Dziko la Mozambique lidalembetsa timbila ya Achopi, yomwe ndi mbale wake wa ulimba. Popeza Malawi idagwirizanapo kale ndi Mozambique ndi Zambia pa Gule Wamkulu, palibe choletsa maiko awiri omwe ali ndi Asena kuchita chimodzimodzi ndi ulimba.

Koma ntchito yofulumira siyofuna kudikira ku Paris. Nyimbo zomwe a Hugh Tracey adajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Zina zambiri zili m'nkhokwe za MBC ku Blantyre. Adzukulu a omwe adaimba nyimbozo ambiri sadazimvepo. Kuzibweza kuno nkuzipereka kumawailesi a m'madera monga Nyanthepa ndi Gaka m'boma la Nsanje, kusukulu za sekondale ndi kwa anyamata omwe amaika nyimbo m'mafoni pamisika ya Ngabu, Nchalo ndi Bangula, sikungadye ndalama zambiri. Khutu limaphunzira pomva, ndipo mwana yemwe wamva makwerero a Chisena kuyambira ali wamng'ono sadzawatcha olakwika.

Chinanso chotheka ndi kuyeza ndi kulemba kachunidwe ka amisiri omwe adakali moyo, mudzi ndi mudzi, popeza aliyense ali ndi kusiyana kwake pang'ono. Ntchito yomwe a van Zanten adaichita ndi zipangizo zovuta kupeza zaka zoposa 50 zapitazo, lero ikhoza kuchitika ndi foni yam'manja. Manambala amenewo akhoza kulowetsedwa m'mapulogalamu ojambulira nyimbo, popeza ambiri mwa iwo amalola kusintha kachunidwe ngati wojambulayo akudziwa chomwe akufuna. Ophunzira a zoimbaimba a ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi a ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, yomwe ili pamwamba pa chigwachi, akhoza kuigwira ntchitoyi pa tchuthi chimodzi.

Kwa gulu la achinyamata lomwe lingayambe lero pa Ngabu, nkhani yonseyi ikuthera pa dongosolo la kajambulidwe. Ulimba ujambulidwe poyamba, ndi oimba ake onse pamodzi, gaka ndi nkhocho zili pomwepo, batani lowongolera mawu litazimitsidwa. Woimba besi amvetsere kathabwa kakakulu nkuchunira pamenepo. Gitala ibwere pambuyo, nsambo zake zitakungidwa motsata timatabwa, ndipo pomwe yalephera kupeza liwu, ikhale chete ulimba udutse.